Labotale yoyeza dothi ndi masamba: manambala anali oona, koma anandisiya nawo ndekha

Khasu linagunda chinthu cholimba, ndipo nditachifukula ndinapeza kuti ndi chibokosi cha batire la galimoto, chong'ambika pakati, m'kati mwake muli timapale totuwa tomanyenyeka ndikatigwira. Ndinali ndikuzamitsa bedi la karoti kumunsi kwa dimba langa. Magalasi osweka, zitsekerero za mabotolo, timitengo takuda ta m'mabatire a tochi, izi ndinazolowera kutola chifukwa kumunsiko kale kunali mtaya wa zinyalala, ndipo wondigulitsa malowo sanandibisire. Ndalimapo zaka zinayi. Dothi lake ndi lakuda bii, lofewa, ndipo silinafunepo feteleza. Sipinachi wa kumeneko tsamba limodzi limaphimba zikhatho ziwiri. Odutsa ankaima n'kumafunsa kuti ndimathira chiyani.

Tsiku limenelo mdzukulu wanga wa zaka ziwiri anali atakhala m'kanjira ka pakati pa mabedi, zala zili m'kamwa, milomo ili dothi lokhalokha. Mayi ake, mwana wanga wachisamba, anayang'ana batirelo, n'kuyang'ana mwanayo, kenako anati, "Ababa, dothi ili mukaliyezetse." Ndikulemba mmene ntchito yoyezetsayo inayendera, kuti wina wolima pamalo ngati anga adziwiretu zimene akapezeko ndi zimene ayenera kukafunsa yekha.

Poyamba ndinafuna chidule. Ndinagula timitengo tokhala ndi thonje kunsonga timene amati timasonyeza mtovu, chitsulo chapoizoni cha m'mabatire a galimoto. Timakhala ndi mankhwala otchedwa sodium rhodizonate, ndipo tikakhudza mtovu timafiira. Pa kaphale ka m'batire kamtengoko kanafiira nthawi yomweyo. Pa dothi lonyowa kanangoda ndi matope moti mtundu sunaoneke n'komwe, ndipo pa tsamba la letesi sikanasinthe. Timitengoti anatikonza poganizira penti ya pakhoma ndi ziwiya. Sititchula kuchuluka kwa mtovu, ndipo za cadmium, chitsulo china chapoizoni, sitinena kalikonse. Wofuna kudziwa za chakudya chake asawonongerepo ndalama.

Kulabotale ndinayamba ndi kuimba foni. Wondiyankha atamva kuti ndine mlimi anayamba kundifotokozera za kuyeza chonde: asidi wa m'nthaka, nitrogen, phosphorus ndi potassium. Ndi zimene alimi ambiri amafuna, choncho sindimudzudzula, koma ndikanangovomera ndikanabwera ndi pepala loyamikira dothi langa kuti ndi lachonde, lopanda mzere ngakhale umodzi wonena za poizoni. Dothi la pamtaya limakhaladi lachonde, pakuti zotsala za chakudya, phulusa ndi masamba zaolerana pamenepo kwa zaka. Kuyeza zitsulo zapoizoni, zimene akatswiri amazitcha heavy metals, ndi ntchito ina, ili ndi fomu yake, ndipo umayenera kuzitchula mayina. Ukapanda kutchula, palibe amene angakufunse.

Nditafika ananditumiza kwa mayi wina wa m'chipinda choyezeramo, ndipo zabwino zambiri zimene ndinene za labotaleyi ndi za mayi ameneyu. Sanathamangire kundipatsa fomu. Anandifunsa kuti m'dothimo ndimatolamo chiyani, ndipo chilichonse chimene ndinatchula ankachiyika pambali pa chitsulo chake. Mabatire a galimoto, penti yakale, magalasi a mawailesi a kanema akale aja a chimsana: mtovu. Mabatire otchaja a nickel ndi cadmium, mapulasitiki ena akale a chikasu ndi ofiira, mapaipi akale a PVC: cadmium. Mababu aatali a magetsi: mercury. Phulusa la matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe: arsenic, chromium ndi kopa. Anandifunsanso ngati pamtayapo ankaotchapo zinyalala. Nditavomera anati moto umanyeketsa pulasitiki ndi mapepala koma chitsulo chimatsala m'phulusa, chili chofumbutuka, chosavuta kusakanikirana ndi dothi.

Malipiro amawerengera sampulo iliyonse, ndiponso chitsulo chilichonse pachokha. Ndinaona kuti ndikatenga zonse sindikwanitsa. "Bambo, musadzipanikize," anatero mayiwo. "Kwa zimene mwatchulazi, yambani ndi mtovu ndi cadmium, muwonjezepo asidi wa m'nthaka. Zinazo mungadzabwere nazo." Munthu wofuna kungokolola ndalama sakanandiuza zimenezo. Pakhoma panali satifiketi ya ISO/IEC 17025, yosonyeza kuti labotale inawunikidwa ndi kuvomerezedwa, ndipo nditailoza anandiuza mosabisa kuti chivomerezocho chimakhudza kuyeza dothi ndi madzi, za masamba sanalembetsebe ngakhale njira yake amaidziwa. Ndinaphunzira pamenepo kuti satifiketi ili ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa patsamba lina limene silipachikidwa pakhoma.

Malangizo otengera dothi anandipatsa omveka bwino. Dimba ndiligawe malinga ndi mbiri yake, osati malinga ndi mabedi. Gawo lililonse nditape malo angapo otalikirana, kuchokera pamwamba kufika masentimita 20 pamene mizu ya masamba imadya, ndisakanize m'ndowa ya pulasitiki yotsuka, nditengepo pafupifupi theka la kilogalamu. Ndowa ya malata anandiletsa chifukwa imasiya zinc m'dothi, chida chopaka penti anandiletsanso. Ndinatenga masampulo atatu: kumunsi kumene kunali mtaya, pakati, ndi kumtunda kumene sikunatayidwepo zinyalala. Pa masamba ndi pamene anandipatsa nzeru imene sindikanaiganiza. Anati letesi ndibweretse pawiri, wina wongothyola, wina wotsuka mmene timatsukira kunyumba, kuti tisiyanitse poizoni wa m'fumbi lomatirira kunja ndi amene walowa m'kati mwa tsamba. Ndinawonjezapo sipinachi wotsuka ndi tomato. Karoti ndalama inandithera, ndinangomuzula yense.

Anandilola kusuzumira pawindo lagalasi. Dothi amaliumitsa, kulisefa ndi sefa ya mabowo a mamilimita awiri, n'kulipera. Masamba amawayeza pasikelo ali aawisi, kuwaumitsa mu uvuni mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, n'kuwapera kukhala ufa. Kenako amawiritsa kaufa pang'ono mu asidi wamphamvu mpaka katasungunuka. Pa dothi amagwiritsa ntchito aqua regia, magawo atatu a hydrochloric acid ndi gawo limodzi la nitric acid. Madzi otsalawo ndi amene amapita m'makina otchedwa AAS. Makinawa amawalitsa nyali yapadera kudutsa mu nthunzi ya sampuloyo, ndipo kuwala kumene kwamezedwa ndi kumene kumasonyeza kuchuluka kwa chitsulocho. Mtovu uli ndi nyali yake, cadmium ali ndi yake, n'chifukwa chake amalipiritsa chitsulo chilichonse pachokha. Dothi amaliyeza pa lawi la moto, koma masamba, poti muyezo wake ndi wochepa kwambiri, amawayeza m'kachubu ka graphite kotenthedwa ndi magetsi, kamene kamafuna mpweya wa argon. Kuona zimenezi kunandichotsa kukayika kuti mwina amangolemba manambala a m'mutu.

Tsopano zodandaula. Ananena kuti masiku khumi ogwira ntchito. Zotsatira zinatuluka patadutsa pafupifupi mwezi, ndipo pa nthawi yonseyo palibe amene anandiimbira. Nditaimba kachitatu ndi pamene ndinauzidwa kuti argon anatha, akudikira wina. Kutha kwa mpweya ndikumvetsa, zimachitika pantchito. Chimene sindikumvetsa ndi kukhala chete. Dothi likhoza kudikira chaka, koma letesi sadikira. Ndinali nditaleka kugulitsa ndi kudya za kumunsi kuyambira tsiku limene ndinapereka masampulo, ndipo ndinaonerera bedi lathunthu likutulutsa mitengo ya maluwa, masamba akuwawa. Akanandiuza sabata yoyamba kuti zichedwa, ndikanazula msanga n'kufesa kumtunda, osataya mwezi.

Cholakwa chachikulu chinali pa lipoti lenilenilo. Linabwera pa imelo, tsamba limodzi, mizere ya manambala, chidindo ndi siginecha. Panalibe mawu onena kuti nambala iyi ndi yabwino kapena yoipa, panalibe muyezo woyerekezera. Pa tomato analemba kachizindikiro koloza kumanzere ndi nambala, osafotokoza. Mwana wanga anafufuza pa intaneti n'kupeza miyezo ya Codex Alimentarius, bungwe limene mabungwe a United Nations a FAO, loona za chakudya ndi ulimi, ndi WHO, loona za umoyo, anakhazikitsa mu 1963 kuti liziika malamulo a chakudya. Pa masamba monga letesi, mtovu usapitirire mamiligalamu (mg) 0.3 pa kilogalamu, ndipo cadmium asapitirire 0.2 mg. Pa za mizu monga karoti, chilichonse mwa ziwirizi chisapitirire 0.1. Pa za zipatso monga tomato, mtovu usapitirire 0.05. Titayika manambala athu pambali pa amenewa, m'nyumba munangoti zii. Letesi wathu, ngakhale wotsuka, ankaoneka kuti wapitirira muyezo kambirimbiri. Mwana wanga ananyamula mwana wake n'kukalowa kuchipinda. Ine usiku umenewo tulo sindinatione, ndinkangowerenga m'mutu mbale zonse zimene ndinadyetsa mwanayo ndi anthu onse amene ndinawagulitsa.

M'mawa ndinabwerera kulabotale ndi pepalalo. Mayi aja ataliona anagwira pakamwa. "Pepani bambo, apa tinayenera kulemba. Manambala awa ndi a masamba ouma." Miyezo ya Codex ndi ya masamba aawisi, mmene amakhalira pogula. Letesi ndi madzi pafupifupi magawo 95 pa 100, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya ufa wouma imachokera ku makilogalamu pafupifupi 20 a letesi wamuwisi. Nambala ya papepala inayenera kugawidwa ndi pafupifupi 20 isanayerekezedwe ndi muyezo. Pa sipinachi, amene madzi ake ndi ocheperapo, kugawa kwake ndi pafupifupi 11. Kulemera kwa masamba anga asanaume ndi atauma anali nako m'buku lawo, kungoti sanakulembe pa lipoti. Mawu awiri okha, "masamba ouma", akanandipulumutsa ku usiku uja. Ndipo ndikuganizira za mlimi amene sangabwerere kukafunsa, amene angatenthe dimba lake lonse ndi mantha, kapena winanso amene angauzidwe kuti "muzigawa ndi 20" n'kukagawa nambala yogawidwa kale.

Anatenga cholembera n'kuwerengera nane mzere ndi mzere, osayang'ana wotchi. Chithunzi chenicheni chinali ichi. Letesi wosatsuka anapitirira muyezo wa mtovu. Wotsuka anatsika kufika pansi pa muyezo, koma osati patali. Sipinachi, ngakhale wotsuka, anapitirira muyezo wa cadmium. Kachizindikiro ka pa tomato kankatanthauza kuti chitsulocho chinali chochepa kuposa chimene makina angathe kuona. Apa ndinafunsa funso limene ndikulimbikitsa aliyense kufunsa: kodi malire a maso a makinawo ali pansi pa muyezo wa 0.05? Pakuti makina osaona bwino akhoza kunena kuti "sitinapeze kanthu" pamene kanthu kalipo kopitirira muyezo. Anayang'ana m'buku, nawerengera, n'kunditsimikizira kuti ali pansi.

Kusiyana kwa letesi ndi sipinachi kunandiphunzitsa khalidwe la zitsulo ziwirizi kuposa buku lililonse. Mtovu umakakamira dothi. Wolowa m'mbewu wambiri umatsakamira m'mizu, ndipo umene timadya ndi masamba nthawi zambiri ndi wa m'fumbi ndi matope othovukira pa tsamba mvula ikamagwa kapena pothirira. N'chifukwa chake kutsuka kunathandiza. Cadmium ndi woyenda. Mizu imamukoka mmene imakokera zinc, amakwera ndi madzi mpaka m'tsamba, ndipo sipinachi ndi letesi ndi ena mwa masamba omukoka kwambiri. Amene walowa m'kati sachoka ndi kutsuka, ndipo moto wa pophika suwononga chitsulo. Zipatso monga tomato zimalandira zochepa chifukwa ulendo wochoka ku mizu kukafika ku chipatso uli ndi zotchinga zambiri. Mbewu imene yamwa zitsulozi imatha kukhala yobiriwira, yonenepa, yokoma. Mnzanga woyandikana naye munda nditamufotokozera anangopukusa mutu n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za dothi nazo sanayikepo muyezo, ndipo apa mayiwo anati zimavuta chifukwa mayiko amasiyana. Tinayerekeza ndi miyezo iwiri. Lamulo la European Union la mu 1986 lokhudza minda yothiridwa matope a m'masuweji limayika malire a mtovu pakati pa 50 ndi 300 mg pa kilogalamu ya dothi louma, ndipo a cadmium pakati pa 1 ndi 3. Ku United States, bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA mu January 2024 linatsitsa muyezo wochenjeza wa mtovu m'dothi la pakhomo kuchoka pa 400 kufika pa 200. Dothi la kumunsi linapitirira yonseyi. La kumtunda linali bwinobwino. La pakati linali ndi mtovu wochuluka kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: kwa zaka zitatu ndinkatuta dothi lakuda la kumunsi pa wilibala n'kumathira m'mabedi a pakati ngati manyowa. Ndinafalitsa ndekha ndi manja anga, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Asidi wa m'dothi la kumunsi analinso wokwera, ndipo dothi la asidi limamasula cadmium kuti mizu imupeze mosavuta.

Nditafunsa kuti nanga mdzukulu wanga, anandiyankha kuti iwo sayeza magazi, ndipite naye kwa dokotala. Yankho limenelo linali loyenera. Zotsalazo ndinawerenga ndekha ndi mwana wanga. WHO imanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Thupi limausokoneza ndi calcium, n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kukafika kwa khanda. Umawononga ubongo umene ukukula, nthawi zambiri popanda chizindikiro chooneka. Mu 2010 komiti ya akatswiri ya FAO ndi WHO, yotchedwa JECFA, inachotsa mlingo wa pa sabata umene inkati munthu angaupirire, itaona kuti ngakhale umenewo sunkateteza ana. Mu 2007 bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP linayeza ana 328 okhala pafupi ndi mtaya wa Dandora ku Nairobi, ndipo theka la iwo anali ndi mtovu wopitirira muyezo m'magazi. Nditawerenga zimenezi ndinazindikira kuti kwa mdzukulu wanga chiopsezo chachikulu sichinali mbale ya masamba, chinali dothi la ku zala zake. Tinamuyezetsa. Mtovu unapezeka, koma pansi pa ma microgram 5 (ma microgram 1,000 ndiwo 1 mg) pa desilita, kapena kuti mamililita 100, ya magazi, mlingo umene WHO imati ukafika pamenepo gwero lake lifufuzidwe n'kuchotsedwa. Adokotala anati azidya zakudya za iron ndi calcium wokwanira, chifukwa thupi loperewera zimenezi limayamwa mtovu wambiri, ndipo tibwerenso naye pakapita miyezi.

Cadmium amapita ku impso ndipo sachoka msanga. Kuti theka la amene walowa atuluke pamapita zaka 10 mpaka 30. Ku Toyama m'dziko la Japan, anthu ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu amene ankachokera ku mgodi wa Kamioka. Patapita zaka, ambiri, makamaka amayi achikulire, impso zinawonongeka ndipo mafupa anafewa mpaka kumathyoka okha. Matendawo anawatcha itai-itai potengera kubuula kwa odwalawo, ndipo boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake ndi cadmium. Zanga sizinafike pamenepo, ndipo ndinachita masamu kuti mantha asandilamulire. JECFA imati munthu angapirire ma microgram 25 a cadmium pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa mwezi. Wa makilogalamu 60 ndiye kuti 1.5 mg pa mwezi. Sipinachi amene ali pa muyezo weniweni wa 0.2 angafikitse mlingo umenewo munthu atadya makilogalamu 7.5. Mbale imodzi sipha munthu. Koma mwana wa makilogalamu 12 amafika pa mlingo wake ndi kilogalamu imodzi ndi theka, zakudya zina nazo zili ndi cadmium wake, ndipo ife tinkadya wa m'dimba lomwelo sabata iliyonse, zaka zinayi.

Masamu ngati amenewa ndi amene ndikanakonda kuwapeza kuseri kwa lipoti. Nditanena zimenezi kwa mkulu wa pa ofesi yolandirira makasitomala anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, ife timayeza, ulangizi si gawo lathu." Ndikumva mfundo yake, kuti woyeza asakhale woweruza. Koma makasitomala awo si makampani okha amene ali ndi akatswiri awo owerenga malipoti. Ukalandira ndalama ya mlimi wamba, ndime imodzi yonena kuti nambala ndi ya masamba aawisi kapena ouma, muyezo wodziwika ndi uti, ndipo wofuna thandizo apite kwa ndani, si ulangizi. Ndi kumaliza ntchito. Pano ntchitoyo ikumalizidwa ndi mtima wabwino wa munthu mmodzi, amene tsiku lina adzakhala ali patchuthi.

Zimene ndachita m'dimba ndinazitola m'malangizo a zaulimi. Chitsulo sichiola ngati manyowa, choncho kudikira sikuthandiza. Kumunsi ndasiya kulimako chakudya. Ndadzalako udzu wa kapinga ndi maluwa kuti fumbi lisamauluke, ndipo ndatchinga kuti mwana asapiteko. Masamba amene ndinazula sindinawaike pa kompositi kapena kupatsa nkhuku, pakuti mtovu umakafika mpaka m'mazira. Batire lija ndinakapereka kwa osonkhanitsa mabatire akale. Pakati ndamanga mabedi okwera a njerwa, pansi ndayala chinsalu cholimba cholola madzi kudutsa, ndipo ndadzazamo dothi la kwina. Tinjira ndakwirira ndi utuchi wa matabwa osathira mankhwala. Pamene dothi lakale latsala ndathira laimu kuti asidi achepe, muyezo wake wotchedwa pH ufike cha pa 6.5, ndipo ndimadzalapo tomato ndi nyemba zokha, za masamba ndi za mizu zonse zapita kumtunda. Nsapato za kumunda zimatsala panja, ndipo kusamba m'manja tisanadye kwasanduka lamulo losakambirana.

Chovuta kuposa zonse chinali kuuza anthu amene ndinkawagulitsa. Ndinayenda khomo ndi khomo, lipoti lili m'manja, tsopano litalembedwa manambala ogawa aja m'mphepete. Ena anathokoza. Mayi wina amene anali ndi pakati nthawi imene ankagula sipinachi wanga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, munadziwa liti?" Ndinamusonyeza deti la pa lipoti ndi la pa lisiti, ndipo ndinamuuza kuti ndinaleka kugulitsa tsiku limene ndinapereka masampulo. Apa pepala la labotale linandithandiza m'njira imene timitengo ta thonje sitikanatha: linali ndi deti, njira yoyezera ndi siginecha, chinthu chimene mayiyo anatha kupita nacho kuchipatala.

Ngati mukundifunsa kuti ndingabwererenso kulabotale imeneyi, inde, ndipo ndabwererako kale. Kuyeza kwawo ndikukukhulupirira chifukwa zotsatira zinagwirizana ndi mbiri ya malo anga, imene iwo sankaidziwa bwino: kumtunda koyera, kumunsi koipa, pakati pamene ndinathira ndi wilibala. Ndalama yake ndi yolemera kwa mlimi wamng'ono, ndipo alimi oyandikana atasonkherana n'kutumiza masampulo limodzi zingapepukeko. Koma musapite manja m'thumba. Tchulani zitsulo mayina ake. Funsani ngati chivomerezo chawo chikukhudza masamba kapena dothi lokha. Funsani kuti makina awo amaona kufika pati. Pemphani tsiku lenileni la zotsatira ndi dzina la woti muzimuimbira. Ngati ndalama ikukwana sampulo imodzi yokha ya masamba, tumizani sipinachi kapena letesi wotsuka, osati tomato, chifukwa tomato akhoza kukupatsani mtendere umene dimba lonse silikuyenera.

Sabata yatha ndinapereka masampulo ena awiri, dothi latsopano la m'mabedi okwera ndi sipinachi woyamba wa kumtunda. Wondigulitsa dothilo anandilumbirira kuti ndi la m'munda wosatayidwapo kanthu, koma nalonso ndi lakuda, ndipo mtundu ndinasiya kuukhulupirira. Pa fomu, m'bokosi la ndemanga, ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti zotsatira za masamba zilembedwe za masamba aawisi, ndipo kuchuluka kwa madzi kulembedwenso. Mayi aja anawerenga, anasainira pambali pake, n'kundiuza kuti argon alipo wokwanira. Sipinachiyo akadali m'munda, sitinayambe kuthyola.